Funsani Achimwene a ku Chitakale: Zokayenda ku Mulanje Mvula Ikangokata

Moni nonse awerengi. Mwezi uno makalata ambiri ndi a anthu ofuna kubwera kuno ku Mulanje kudzapumako, ena ndi mabanja ena ndi anzawo a kuntchito, ndiye ndangotolapo angapo amene mafunso ake akufanana ndi a ena ambiri. Mayina sitilemba monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Achimwene, ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga kandalama pang'onopang'ono kuti tiwatengeko ana akaone phiri la Mulanje, wamkulu ali sitandade 7 wamng'ono sitandade 3. Vuto ndi loti pa nthawi sitikugwirizana. Iwo akuti tipite pa Khirisimasi poti ndi pamene amapuma kuntchito, ine ndikuti Epulo kapena Meyi. Tatiuzani inu amene mumakhala konko.
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mlandu uwu mwawina ndinu, koma mukawauze bambowo mwaulemu asakakwiye n'kubisa ya thiransipoti. Disembala kuno ndi dzinja lenileni, ndipo mvula ya ku Mulanje si ya ku Lilongwe ija yoti yagwa ola limodzi kenako dzuwa, kuno imatha kuyamba Lachiwiri n'kudzakata Lachisanu, phiri lonse lili bii mu mitambo moti mutha kukhala pa Chitakale masiku atatu osaliona n'komwe, ana n'kumakufunsani kuti phiri lija lili kuti amayi. Njira zokwerera zimaterera, miyala imachita ndere, ndiye timitsinje timene mumadumpha m'mawa popita, pobwerera masana mumapeza tadzadza tikukokoma. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndiye musayerekeze dala. Simunaiwale za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndipo Mulanje, Phalombe ndi Thyolo anali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri, matope ndi zimiyala kutsika kuchokera kuphiri. Akuluakulu amakumbukanso napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, nayenso anali Malichi yemweyo.

Nthawi yabwino ndi imene mwanenayo, kumapeto kwa Epulo mpaka Meyi yense, nyengo ya masika anthu akukolola. Mvula yakata koma dziko likadali lobiriwira, mathithi onse ali ndi madzi, m'mwamba muli mbee chifukwa anthu sanayambe kutentha tchire, ndiye mukakwera ngakhale pang'ono chabe mumaona minda ya tiyi yonse mpaka mapiri a ku Mozambique. Kutentha kulibe, kuzizira kwenikweni sikunafike. Mapeyala ndi nzimbe zili mbwee pa msika, ana sakuvutitsani.

Mukachedwa n'kulowa Juni ndi Julaye mukumana ndi chiperoni, kamvula kamawawa kosakanikira ndi nkhungu ndi mphepo yozizira yochokera ku Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone. Kamvula kameneka sikaoneka koopsa ayi koma kamanyowetsa munthu mpaka m'mafupa ndipo kamatha kukhala masiku angapo. Nthawi zina kamayambirira mu Meyi momwemo, choncho juzi ndi jekete za ana musasiye olo ku Lilongwe kukhale kukutentha bwanji tsiku lonyamukalo. Ogasiti ndi Seputembala ndi bhobho kukwera, njira zauma, koma udzu wafiira ndipo utsi ndi fumbi zimaphimba kutali konse, zithunzi zimatuluka zotuwa. Okutobala ndiye ng'anjo.

Za bambo kupuma, pali Isitala, pali 1 Meyi tsiku la apantchito, palinso 14 Meyi tsiku la Kamuzu. Akapempheko tsiku limodzi kapena awiri kwa abwana n'kulumikiza ndi wikendi, basi zatheka. Ndi ana a msinkhu umenewo musalimbane ndi kukwera pamwamba, werengani zimene ndawayankha bambo a ku Mangochi m'munsimu.

FUNSO: Bigi, ife tilipo anyamata sikisi a pa ofesi imodzi, tapangana kuti wikendi ya Kamuzu Day tikamenye Sapitwa. Pulani ndi yoti tinyamuke ku Blantyre Loweruka m'mamawa, tikwere, tijambule pamwamba, tigone, Lamulungu titsike. Za gaidi tikuona ngati n'kungotaya ndalama poti mnzathu wina ali ndi mapu pa foni ndipo tonse timapanga jimu. Mukuti bwa?
Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Achimwene anga, ndikuti ayi, ndipo ayi wake wamkulu. Tiyambe ndi masamu. Sapitwa ndi mamita 3,002, palibe nsonga ina yoposa imeneyo m'Malawi muno, ndipo inu mukuyambira pa Likhubula pansi penipeni. Tsiku loyamba lonse limathera kukwera kukafika pa hut ya Chisepo, imene ndi yomwe anthu opita ku Sapitwa amagonapo, mukafika miyendo ikunjenjemera. Tsiku lachiwiri mumadzuka kusanache, kukwera ku nsonga ndi kubwerera pa Chisepo pomwepo ndi maola sikisi mpaka eyiti kutengera ndi mmene mukuyendera. Tsiku lachitatu ndi lotsika. Ndiye masiku atatu ndi ochepetsetsa, anayi ndi abwino chifukwa mumakhala ndi tsiku loti ngati kwachita nkhungu mudikire. Pulani yanu ya masiku awiri ndi ya anthu amene phirili analiona pa Facebook pokha.

Komanso musaganize kuti ndi kanjira koyenda chiimire mpaka pamwamba. Chigawo chomaliza chija ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, pena mumakwawa ndi manja pa thanthwe lotsetsereka, pena mumalowa m'kamphanga chokwawa chikwama mukuchikankha kutsogolo, pena mukudutsa m'titchire tothinana ta ndere. Jimu imathandiza mapapo inde koma sikuuzani kuti mwala uwu muuzungulire kumanzere osati kumanja. Ndipo nkhungu ya kumeneko simachenjeza, kunja kuli ngwee dzuwa likuwala, pakangotha mphindi teni mnzako amene ali apo sukumuonanso, zizindikiro zopenta pa miyala sizikuoneka, foni batire yatha ndi kuzizira, netiweki ndi ya apa ndi apo. Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands anakwera yekha ku Sapitwa ndipo anasowa, mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anamusiya gaidi wake n'kupitirira yekha, anamupeza patapita masabata atamwalira. Onsewa anali achinyamata amphamvu zawo ngati inu nomwe.

Magaidi ndi onyamula katundu mumawapeza pa Likhubula pa ofesi ya za nkhalango, ali ndi bungwe lawo ndipo amasinthana, ndi anyamata a m'midzi yozungulira phiri amene anakulira momwemo. Gaidi mmodzi kugawana anthu sikisi ndi zingati kodi? Mowa umene mumwe Lachisanu usiku musananyamuke udya zoposa pamenepo, ndikukudziwani a Ndirande. Mtengo mugwirizane pansi musanayambe kukwera, pa tsiku ndi zingati, masiku angati, chakudya chake zikhala bwanji, kuti musakakangane pamwamba. Akanena kuti lero sitikwera kwaipa, musamuyese waulesi, mverani. Ndipo ngati mwatenga onyamula katundu musawasenzetse kireti ya mowa ndi sipika, nawonso ndi anthu ali ndi msana.

Za kogona mudziwiretu kuti ma hut a paphiri si loji. Ndi nyumba za matabwa kapena miyala, muli malo osonkhapo moto, pali mlonda amene amakhala pomwepo, amakuthandizani nkhuni ndi madzi, mwina n'kukutenthetserani osamba mu ndowa. Chakudya mulibe, shopu kulibe, magetsi kulibe. Ufa, mpunga, soya, usipa, shuga, masamba a tiyi, mchere, machesi, kandulo, tochi, zonse munyamule kuchokera pansi, mapoto mufunsiretu gaidi ngati alipo. Madzulo dzuwa likangolowa kuzizira kumabwera nthawi imodzi, mumangoona aliyense wasendera pa moto, masokosi onyowa ayanikidwa pa nkhuni akutuluka nthunzi, nsapato zandandalikidwa m'mbali, wina akuvundula nsima ndi tochi kukamwa, maso akulira ndi utsi, ndipo pofika seveni koloko nkhani zonse zatha aliyense walowa mu bulangete ndi jekete yomwe. Mu Meyi usiku kumazizira zedi, Juni ndi Julaye pena m'mawa mumapeza udzu wayera ndi chisanu. Mlonda uja pochoka mumusiyireko kenakake kupatula ndalama ya hut, ndi ulemu wake.

Ngati masiku ndi awiri basi ndipo simungawonjezere, pitani ku Chambe. Mumakwera ndi njira ya Skyline, yotsetsereka koma maola atatu kapena anayi mwafika, mugone pa hut ya Chambe, mawa mutsike ndi njira ya Chapaluka imene imadzera ku mathithi. Muona khoma la Chambe lija limene okwera miyala ndi zingwe amachokera maiko akutali kudzalimbana nalo, ndipo zithunzi za pa status mupeza zokwanira mwezi wonse. Sapitwa sathawa, mudzabwere ndi masiku okwanira. Ma hut enanso alipo ambiri, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, anthu ena amatha sabata akungoyenda kuchoka pa ina kupita pa ina osaponda n'komwe ku Sapitwa ndipo amabwerako okhutira.

FUNSO: Ine ndikufuna kuwatenga mayi anga a zaka 71 kuti akapumeko kozizira, kuno kutentha kumawasowetsa mtendere. Kukwera phiri sangathe, mawondo anatha. Kodi kuli choti angakaone kapena tingokataya ndalama?
Bambo wa ku Mangochi

YANKHO: Bambo, abweretseni amayiwo. Anthu ambiri amaganiza kuti ku Mulanje ndi kukwera basi, chonsecho phirili kukongola kwake kwina kumaoneka bwino uli pansi. Pezani malo ogona m'tsinde mwa phiri, ku Likhubula kuli Likhubula House ya mpingo wa CCAP, pafupi ndi boma kuli Kara O'Mula, komanso maresitihausi ndi maloji ang'onoang'ono alipo pa boma ndi pa Chitakale a mitengo yosiyanasiyana. Posungitsa malo mufunse ngati chipinda chake chili ndi masitepe ambiri, chifukwa malo ena anamangidwa pa chitunda ndipo kwa agogo a mawondo ovuta zimenezo ndi nkhani. Mufunsenso za madzi otentha osamba ndi neti, udzudzu pansi pano ulipo ndithu makamaka mvula ikangotha kumene.

Ngati muli ndi galimoto, tsiku limodzi muwayendetse msewu wopita ku Muloza kumalire ndi Mozambique, kudutsa Mimosa ndi Limbuli, phiri lili kumanzere minda ya tiyi mbali zonse. Tiyi ameneyu ndi wakale, kuno ku Mulanje anayamba kudzalidwa mu 1891 ndi mzungu wina Henry Brown, ndipo pa Mimosa pali malo ofufuzira za tiyi a Tea Research Foundation amene amathandizanso maiko oyandikana nafe. Mu Epulo ndi Meyi kuthyola kumakhala kukuchepa poti tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, komabe m'mawa muwapeza othyola ali m'mizere, dengu kumsana, atavala chipepala cha pulasitiki m'chiuno kuteteza mame, manja onse awiri akungothothola nsonga zanthete zokhazokha n'kuponya kumbuyo osacheuka. Muime muone koma musamangowajambula ngati nyama za ku Liwonde, apatseni moni kaye mupemphe. Ntchito imene ija ndi yowawa ndipo malipiro ake si oti munthu n'kunyadira, amene timakhala kuno timadziwa.

Tsiku lina mupite ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo, kuli kolawa mitundu ya tiyi, kuli nyumba yakale ya Huntingdon House kumene munthu atha kugona kapena kungodya, koma kumeneko thumba likhale lokonzeka ndipo muyimbiretu foni musangotulukira. Agogo akakhala pa khonde ndi kapu ya tiyi mphepo ikuwapita, za kutentha kwa ku Mangochi aiwala.

Ku Dziwe la Nkhalamba ndi pafupifupi ola limodzi wapansi kuchokera pa Likhubula ndipo njira yake ndi yokwera, ya miyala, agogo asapite, akhale m'munsi m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula pamene pali mithunzi ndi matanthwe okhalapo. Koma mayi a ku Area 25 aja, apa ndi pamene mungapite ndi ana anu, atha kufika bwinobwino mukamayenda mopumira. Chenjezo ndi limodzi, madzi a pa dziwe lija ndi ozizira koopsa ndipo ndi akuya, anthu anamirapo, ena odziwa kusambira amene. Ana asewere m'mbali mosaya inu muli pomwepo, zodumphira kuchokera pa mwala ayi, olo aone anyamata a konkuno akuchita.

FUNSO: Tilibe galimoto. Kuchokera ku Blantyre timayenda bwanji, ndipo bajeti tipange ya zingati?
Achemwali a ku Chilomoni

YANKHO: Achemwali, maminibasi a ku Mulanje mumakwerera ku Limbe. Misewu ilipo iwiri. Wa Midima, umene pa mapepala ndi Robert Mugabe Highway, ndi wachidule, umadzera pa Nkando, makilomita osapitirira 70. Wina ndi wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, wotalikirapo komanso wokhotakhota koma ndi umene uli ndi zoona, ndiye ine ndimati popita dzerani ku Midima mufike msanga, pobwerera dzerani ku Thyolo mugule ndiwo zamasamba pa Bvumbwe. Mufunse kondakitala musanakwere kuti ikudzera kuti. Mutsike pa Chitakale, pamenepo ndi pamene msewu wa ku Phalombe umapatukira, Likhubula ili pa msewu umenewo makilomita ngati 10, mupeza njinga zamoto ndi timagalimoto. Nyamukani m'mawa, minibasi imadikira kudzadza ndipo simukufuna kufika ku Likhubula kutada.

Za bajeti, mitengo ya zinthu masiku ano sikhala malo amodzi, chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo umene munamva kwa mnzanu chaka chatha ndi mbiri yakale. Imbani foni kumalo ogona sabata yomweyo mukunyamuka. Powerengera muikemo thiransipoti, kogona, ya pa geti polowa m'nkhalango, gaidi, ya hut ngati mukugona pamwamba, chakudya, ndi ina yapadera yoti mwina mvula yakutsekerani tsiku lina. Ndalama mutape pa boma kapena pa Chitakale ndipo mukhale ndi zosinthasintha, Airtel Money ndi Mpamba zimagwira pansi koma pamwamba mlonda wa hut safuna kumva zoti netiweki yavuta. Zakudya gulani pa msika wa konkuno, n'zotchipa kusiyana ndi kusenza kuchokera ku tauni, komanso ndalamayo itsaleko kuno.

FUNSO: Anzanga anabwerako ndi timabokosi tonunkhira ta mkungudza, akuti amagulitsa pa Likhubula. Ndikufuna ndikagule tambiri ndizikagulitsa kuno. Pali vuto?
Mayi wa bizinesi, Mzuzu

YANKHO: Vuto lilipo mayi. Mkungudza wa ku Mulanje mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha dziko lonse lapansi, ndi mtengo wa fuko lathu chiyambire 1984, ndipo panopa watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Amene anakwera zaka makumi awiri zapitazo akabweranso lero amangogwira pakamwa, malo amene munali nkhalango mwatsala zitsa. Fungo lija ndi lokoma zoona, mukatsegula kabokosi nyumba yonse imamveka, chiswe sichiudya, n'chifukwa chake anthu anaulimbirana mpaka kuumaliza. A bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akudzala mbande zambiri paphiri koma mtengo umenewu umakula mochedwa, wodzala lero amene adzaucheke ndi zidzukulu. Ogulitsa adzakuuzani kuti ndi wa mitengo yakufa kale, ena akunena zoona ena ayi, inu simungasiyanitse, ndipo mukayamba kuoda tambiri ndiye kuti mwatuma munthu kukwera ndi sowo. Ine anyamata osema aja ndimawamvetsa, ntchito kulibe, koma muwagule zosema za mitengo ina, ndodo zokwerera phiri, madengu. Ngati ndi bizinesi mukufuna, odani tiyi kapena nanazi nthawi yake ikakwana. Pajatu phirili linakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu Julaye 2025 a UNESCO, nthambi ya United Nations, analiika pa mndandanda wa World Heritage, wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse, ndiye maso ali pamenepo tsopano.

FUNSO: Agogo anga akundiletsa kubwera, akuti kuphiri kumeneko kuli mizimu, munthu umapeza nsima yophikaphika pa mwala ndipo ukaitana anzako umasowa. Zoona?
Mtsikana wa ku Kasungu

YANKHO: Nkhani imeneyo kuno aliyense anakula akuimva, amati ukapeza chakudya kapena nthochi zakupsa udye wekha mwakachetechete osaitana mnzako, osanyamula zotsala. Kwa Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao a kuno phirili ndi malo a makolo, anthu ankapita kukathira nsembe popempha mvula, ndipo a UNESCO aja chimene analilembera kwenikweni ndi chikhalidwe chimenechi. Ndiye agogowo musawaseke. Auzeni kuti mukuyenda ndi gaidi wa konkuno amene amadziwa malo oyenera ulemu, simukatukwana, simukataya zinyalala, simukachoka pagulu. Anthu mazanamazana amakwera chaka chilichonse n'kubwerera kwawo bwinobwino, ana a sukulu ndi magulu a mipingo omwe.

FUNSO: Ndimafuna ulendo wanga ugwirizane ndi Porters Race kapena Mulhako. Zimachitika liti?
Mphunzitsi wa ku Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, zonse ziwiri sizigwa mu Epulo kapena Meyi. Porters Race, mpikisano wothamanga paphiri, imachitika nthawi yozizira, kawirikawiri mu Julaye, amayambira pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya n'kutsikanso, makilomita oposa 20, ndipo mtunda umene inu ndi ine tingayende masiku awiri anyamata othamanga kwambiri amaumaliza m'maola osakwana atatu, ena ali ndi nsapato zapulasitiki. Mulhako wa Alhomwe ndi mu Okutobala pa Chonde, kumeneko ndiye tchopa ndi kalongonda, koma kumatentha ndipo malo ogona amadzadza msanga, musungitsiretu mwezi usanafike. Ngati mukubwera ndi ana a sukulu, sankhani Meyi yemweyo ndipo muwapititseko ku Fort Lister mbali ya ku Phalombe, pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi pamene ankadutsitsa akapolo, linga lake linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira imeneyo. Msewu wake ndi wafumbi, mufunse kaye mmene ulili musanabwereke basi yaikulu.